Mapazi Pambuyo pa Nasoni

Sonkhezerani motowo, njerwazi zingatuluke zosapsa. Ndipo inu mukusekerera uko, musandiyankhe kuti "tili tonse" ayi, chifukwa iyi si nthano. Munthu ndikufuna kukambayu ndinamuika m'manda ndi manja angawa, ndipo mpaka lero ndikamva wina akuthamanga kunja kusanache, mtima umangoti myuu.

Anali mlamu wanga, Nasoni Chimbalanga, mwamuna wa mlongo wanga Enelesi. Anabwera kwathu kuno kwa Kapyola kudzakhala mkamwini ali woonda ngati bango, koma utelala unamusintha. Zaka makumi atatu ali khale pa mashini, pakhonde la golosale kumsika kuja, phazi lokha n'kumapalasa, pambali pali chipisi cha pachiwaya ndi thobwa la shuga wodzaza dzanja. Mimba inayamba kumutsogolera panjira. Ine ndinkamuseka kuti, "Alamu, wafika mwezi wachingati?" Iye n'kumati, "Nsanje, alamu. Mlongo wanu amadziwa kuphika. Inu ndiye anakulakwirani ndani?"

Tsiku lina Lachisanu akuyeza diresi ya mayi wina, tepi inangomupulumuka m'manja. Pakamwa panapotoka, mawu n'kumatuluka ngati wamwa, kenaka khu! pansi. Tinathamangira naye kuchipatala cha ku boma, ndipo anagonako masiku anayi. Pakamwa panabwerera m'malo mwake, koma adokotala sanamunyengerere. Anati bipi yakwera, shuga naye wakwera.

"Bambo, uku kunali kugogoda chabe," anatero. "Akadzabweranso sadzaodira. Mankhwala muzimwa, mchere muchepetse, ndipo m'mawa uliwonse dzuwa lisanatenthe muzithamanga pang'onopang'ono. Osamaimaima kucheza ndi anthu panjira. Thukuta lituluke."

Nasoni anachita mantha, mantha enieni. Pobwerera m'basi anandigwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kunena kuti, "Alamu, sindikufuna kufa panopa. Mwana wa Tamanda sindinamuone." Tamanda ndi mwana wawo wamkazi amene anakwatiwa ku Lilongwe, ndipo nthawi imeneyo anali woyembekezera. Atamva nkhaniyi anawatumizira bambo ake nsapato zoyera zothamangira.

Tsono apa m'pamene panalakwika. Adokotala aja sindiwada, ndi ana a m'tauni, sakanadziwa. Koma ife tinayenera kudziwa. Kwathu kuno munthu wamkulu sathamanga. Amathamanga ndi mwana, amathamanga ndi wakuba. Bambo wa imvi akamathamanga m'mbandakucha, timadziwa kuti wanyamula zovuta. Mafoni asanabwere, uthenga wa maliro unkayenda choncho, ndipo wamthenga anali ndi mwambo wake. Sankapereka moni panjira. Sankacheuka. Akafika sankalowa pabwalo, ankagwada kumphepete n'kudikira kuti mwini wake atuluke. Nanga taonani: Nasoni akudzuka tambala woyamba, akuthamanga osapereka moni poti adokotala anamuletsa kucheza, ndipo khosi lija kunenepa, kucheuka kunali ntchito.

Tsiku loyamba kunali chipwirikiti. Azimayi opita kumjigo anataya ndowa, wina n'kuyambiratu kulira asanamve n'komwe kuti wamwalira ndani. "Kwagwanji, a Chimbalanga? Kwagwanji?" Iye ali wefuwefu, akungokupiza dzanja. Titawafotokozera anaseka sabata yathunthu, kenaka anazolowera.

Amene sanazolowere ndi aNangondo. Ankakhala kutsidya kwa dambo, mukangowoloka kamlatho ka mitengo kaja, pomwe Nasoni ankatembenukira. Mwana wawo wamwamuna, Layifodi, anakwera basi ya ku Joni zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'mbuyomo. Analemba makalata awiri, kenaka zii. M'mawa uliwonse Nasoni ankawapeza ataima pampanda, atafunda chitenje, ndipo funso lawo linali limodzi.

"Ndi wanga?"

Nasoni ankapukusa mutu n'kutembenuka. Anandiuza kuti zinkamumvetsa chisoni, koma njira ina yabwino kunalibe.

Miyezi iwiri zinayenda bwino, sindinama. Mathalauza ake anayamba kuwabweza yekha m'chiuno. Kuchipatala anamuyamikira. Enelesi anayambanso kuimba akamasesa. Ine ndinasowa chomusekera, ndinangotsala ndi dazi lake.

Mwezi wa Juni, chifunga chitayamba kugona m'dambo, agalu anasiya kumuuwa. Poyamba ankamuthamangitsa mudzi wonse, koma tsopano akamudutsa ankangolowa pansi pa nkhokwe, michira ili m'miyendo. Tinati amuzolowera.

Kenaka m'mawa wina anandipeza ndikukhomera khasu. Sanakhale pampando umene ndinamupatsa.

"Alamu, ngati ndi masewera, asiyeni. Mtima wanga si wabwino."

"Masewera anji?"

"Si inu mumanditsatira?"

Ndinaseka. Ine kuthamanga? Pofuna chiyani? Koma iye sanaseke. Anati akangowoloka kamlatho, pambuyo pake pamamveka mapazi, opanda nsapato, pha pha pha, kutsatira mayendedwe ake enieni. Akafulumira, nawo amafulumira. Akaima, nawo amaima, koma amachedwa ndi phazi limodzi.

"Munacheuka?"

"Khosi limakana, alamu. Limangouma gwa."

Ndinamuuza kuti ndi mankhwala aja akumusokoneza m'makutu. 

Sabata yomweyo anthu anapeza masamba aawisi atayalidwa pamsewu, kufupi ndi kwa aNangondo, monga timachitira pakagwa maliro kuti odutsa adziwe. Akabaza anatsika panjinga, amuna anavula zipewa, koma atafunsa anapeza kuti m'mudzi monse mulibe zovuta. Anawachotsa. Kutacha analiponso, ali ndi mame, othyoledwa kumene. Palibe anavomera kuti ndiye wayala.

Enelesi anachita mantha n'kubisa nsapato zija mumtsuko wa ufa, osauza munthu. M'mawa anazipeza pakhomo kunja, zitanyowa, zitaloza kumsewu. Anathamangira kwa ine.

"Achimwene, mawa mupite nawo. Ine ndikuopa."

Ndinapita, koma panjinga. Kunali kuzizira kolasa m'mafupa, chifunga chili mbuu, moti Nasoni ndinkangomuona malaya. Mpaka pakamlatho panalibe chachilendo, nsapato zake zokha ndi kulira kwa tcheni changa. Ndinali nditayamba kale kukonza mawu oti ndikamusekere. Titangowoloka, achule onse a m'dambo anangoti zii nthawi imodzi.

Ndiye ndinawamva. Pha pha pha. Sanali kumbuyo kwanga, anali pakati pa ine ndi Nasoni. Ndinatong'ola maso, koma panalibe munthu. Chifunga chokha chinkang'ambika pamenepo n'kutsekanso, ngati mmene imachitira nsalu yapakhomo munthu akadutsa. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti panalibe kupuma. Munthu wothamanga amapuma, abale anga. Apa panali mapazi okha.

Nasoni anayamba kufulumira. Ndinakuwa, "Alamu, pang'onopang'ono! Mtima!" koma sanandimve. Bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, ine panjinga kulephera kumupeza. Nditafika kwa aNangondo ndinamupeza atagwada kumphepete kwa bwalo, manja ali pamaondo, nkhope ili mbee.

ANangondo anali pampanda pawo. Atamuona atagwada, chitenje chinawagwa pamutu. Anafunsa motsitsa kwambiri, ngati sakufuna kuti amveke.

"Ndi wanga?"

Mawu anali a Nasoni ndithu, si kuti anasintha. Koma ankalankhula ngati mwana wasukulu amene akubwereza zomwe wina akumunong'oneza.

"Pepani, mayi. Layifodi anatisiya. Papita zaka khumi ndi chimodzi. Anadwala chifuwa, anamwalira m'chipatala, ndipo panalibe womudziwa dzina. Anamuika anthu achilendo." Anaweramitsa mutu. "Akuti chitseko muzitseka tsopano."

Mayi aja anakhala pansi pomwepo, miyendo tambalale. Sanalire msanga. Anati, "Chichokereni iye sindinaikepo mpiringidzo. Ndinkati basi imafika nthawi iliyonse, angadzagone panja." Zimenezi ngakhale ana awo aakazi sankazidziwa. Atatha kunena m'pamene anayamba kulira, ndipo kulira kumene kuja sindifuna kudzakumvanso. Ine ndemwe, munthu wouma mtima, ndinalira nditagwira njinga.

Achibale anasonkhana, anakhuza masiku awiri, n'kukaika malaya akale a Layifodi kumanda. Masamba aja sanaonekenso pamsewu. Nasoni anathamanga sabata yathunthu popanda chomutsatira. Agalu anayambanso kumuuwa, ndipo iye ankati sanakondwerepo ndi galu ngati masiku amenewo. Tinati zatha.

Lolemba lotsatira anabwera kwanga osavula n'komwe nsapato. Anakhala pansi, pafumbi.

"Alamu, lero analipo ambiri."

"Angati?"

"Sindinathe kuwerenga. Wina akutsimphina. Wina mapazi ake ndi aafupiafupi, ngati mzimayi. Onse akukankhana kuti akhale pafupi ndi ine."

Inu mukudziwa kuchuluka kwa anthu amene anachoka m'midzi muno osabwerera. A kumigodi, a kumafamu a fodya, atsikana amene anatengedwa kuti akagwire ntchito za m'nyumba kunja, ena amene anangokwera lole n'kusowa. Timawatchula matchona, timawanena kuti anaiwala kwawo. Sitiganiza kuti mwina ena sanaiwale, anangosowa wowanyamulira uthenga. Tsono mbiri inali itawafika kuti kwa Kapyola kuli wamthenga.

Kuyambira pamenepo Nasoni sankasankha njira. Miyendo inkamutenga yokha. Ankatuluka tambala woyamba n'kubwerera dzuwa lili pamutu, milomo itauma, zala za kumapazi zikutuluka magazi. Anakagwada m'midzi imene sanafikeko chibadwire, n'kutchula maina amene sanawamvepo. Pofika Ogasiti anali atapereka mauthenga ena anayi, ndipo paliponse pamene anagwada panali pakhomo pa munthu amene anasowa. Anthu anagawikana. Ena akamuona akubwera ankakokera ana m'nyumba n'kutseka zitseko. Ena ankamudikira m'mphepete mwa msewu kusanache, atanyamula zithunzi zakale za abale awo, n'kumazikweza m'mwamba iye akamadutsa. Sankalankhula kanthu, ankangokweza. Akawapitirira osaima, ena ankapumira m'mwamba, ena ankalira.

Mashini ake anachita dzimbiri. Mimba ija inatheratu, koma sikunali kuonda kwabwino. Anayamba kugwira pachifuwa akamakwera kachitunda ka kumjigo. Titapita naye kuchipatala, adokotala anamupima n'kukwinya nkhope.

"Ndinati pang'onopang'ono, bambo. Mukuupanikiza mtimawu. Mukapitiriza chonchi mudzagwera panjira."

Nasoni anangoti, "Ndamva." Akanawauza chiyani?

Enelesi anasiya kudya. Tsiku lina masana ndinamupeza atakhala kuseri kwa khitchini, akutsuka masokosi a magazi, misozi ikugwera m'beseni. Pamenepo mtima wanga unapsa. Ine ndine mwini mbumba, mlongo wanga sangamalire ine ndikuona. Ndinaitana Nasoni, ndipo tinakhala atatu pansi pa mtengo wa mango.

"Alamu, ndalankhula ndi Tamanda. Mupita ku Lilongwe. Nyumba yake ili ndi mpanda wa njerwa, geti yake ndi yachitsulo. Mukapume kumeneko."

Nasoni anatokosa pansi ndi kamtengo.

"Ndikasiya kuthamanga, wogogoda uja abweranso. Adokotala ananena."

"Mukapitiriza, awa akumalizani. Adokotala omwewo anena."

"Ndikudziwa. Konseko ndi imfa, alamu. Koma kuno ndikufera kanthu. Anthuwa ali ndi amayi awo. Munawaona aNangondo, masiku ano akugona tulo." Anakweza maso. "Atsala ochepa. Ndimawamva, mapazi akuchepa. Mundisiye ndimalize."

Apa ndiye ndinalusa. Ndinaimirira, ndinamuloza chala, mlamu wanga amene ndinadya naye mbale imodzi zaka makumi atatu.

"Anakutumani ndani? Inu ndinu telala! Ntchito yanu ndi kusoka zigamba, osati kuthamangira mizimu ya eni ake. Ali ndi amayi awo? Nanga Enelesi alibe mwamuna? Mdzukulu mumalirira uja wabadwa, simunamuone n'komwe. Pakhomo pano mwini wake ndine. Mawa mukwera basi, mufune musafune."

Mkamwini sakangana ndi mwini mbumba. Anayang'ana mkazi wake, koma Enelesi anayang'ana pansi. Ndiye anangoti, "Chabwino, alamu." Nsapato zija ndinaziponya ndekha m'chimbudzi, ndipo m'mawa mwake ndinamuperekeza mpaka m'basi. Pa zenera anandiuza kuti ndizithira mafuta mashini ake. Sanakwiye nane, ndipo zimenezo n'zimene zimandipweteka kwambiri.

Anakhala ku Lilongwe masabata asanu ndi limodzi. Enelesi anatsala kuno chifukwa cha dimba ndi mbuzi. Tamanda ankatiimbira foni kuti bambo ali bwino, akudya, akunyamula mdzukulu, thupi layambanso kubwerera. Koma tsiku lina anandiimbira ine pandekha.

"Amalume, m'mbandakucha uliwonse ndimawapeza ataima pageti. Agwira zitsulo ndi manja awiri, miyendo ikunjenjemera. Ndikawafunsa amati, 'Akudikira panjapa.' Ndikasuzumira kulibe munthu. Koma agalu a m'dera lonse lino asiya kuuwa, amalume, anthu ayamba kudabwa. Akupempha kuti ndiwatsegulire. Nditani?"

"Usatsegule," ndinatero. "Kiyi uzigona naye."

Ndinanena ine zimenezo. Palibe anandikakamiza.

Linali Lachitatu, mwezi wa Okutobala. Ndinadzuka tambala woyamba kuti ndikathirire kudimba dzuwa lisanakwere. Ndili kumanga lamba m'nyumba, ndinamva kutali, cha kumsewu waukulu, munthu akuthamanga. Mmodzi yekha. Ndinaima, lamba ali m'manja. Kathamangidwe ka munthu umakadziwa ngati mmene umadziwira kutsokomola kwake. Phazi lamanja, lopalasira mashini lija, linkagunda pansi mwamphamvu kuposa linzake.

Anadutsa kumjigo. Anadutsa pa nyumba ya Enelesi, pomwe ndinamva akuchepetsa liwiro, koma sanaime. Anabwera molunjika kwanga. Atafika kumphepete kwa bwalo, mapazi analeka, ndipo ndinamva maondo awiri akugunda pansi.

Ndinafuna kusatuluka. Ndinaganiza kuti ndikapanda kutsegula ndiye kuti palibe chachitika. Koma wamthenga sachoka mwini wake asanatuluke, ndipo ndinadziwa kuti munthu ameneyu wachokera kutali, wapansi. Ndinatsegula. Kunja kunali kutayamba kuyera pang'ono. Pabwalo panalibe munthu. Nkhuku zinali zitatsika mumtengo, koma zonse zinaunjikana mbali imodzi, zikuyang'ana malo amodzi pafupi ndi mpanda.

Ndinavula chipewa. 

"Ndamva, alamu," ndinatero. "Ndamva. Ndinalakwa ndine. Pitani mukapume."

Sindikudziwa ngati anandikhululukira. Ndinangoona nkhuku zikubalalika n'kuyamba kutola zakudya ngati masiku onse.

Ndinavala jekete n'kuyenda kupita kwa mlongo wanga. Mtunda wake ndi wongodumpha mizere ingapo, koma sindinayendepo ulendo wautali ngati umenewo. Uthenga wa mwamuna sufikira kwa mkazi wake, umadzera kwa mwini mbumba. Nasoni anasunga mwambo mpaka pamapeto, ndipo ntchito yotsalayo anandisiyira ine.

Sindinagogode. Enelesi anali atakhala kale pakhonde, atamanga chitenje m'chiuno, mpango uli kumutu. Ndinagwada kumphepete kwa bwalo lake. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali ouma.

"Ndinawamva akudutsa," anatero. "Achimwene, kuchokera ku Lilongwe mpaka kuno, ndi mtima umene uja. Anafika atatopa kwambiri?"

Nthawi yomweyo foni inayamba kulira m'thumba la jekete langa. Inalira mpaka kuleka, n'kuyambiranso. Tonse awiri tinangokhala pomwepo, osaigwira.